Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Zimanga zitatu

Ndachedwa, ndikudziwa. Pomaliza gawo 8 ndinalonjeza kuti pakangotha sabata ndibweranso, koma apa masabata asanu adutsa. Ena mwafika pondifunsa ngati ndadwala. Ayi, ndili bwino. Gawo ili ndaliyamba kanayi, ndipo kanayi konse ndimangofika ndime yachiwiri n'kutseka kope. Mayi a ku Mzuzu amene munandilembera kuti ndisadzikakamize, ndilembe mtima ukalola, zikomo kwambiri, mawu anu ndi amene andisunga masiku onsewa. Ndikuthokozanso bambo a ku Johannesburg amene munati mutawerenga za agogo mu gawo 7 munaimba foni kwanu ku Dowa koyamba m'zaka ziwiri. Ndinalira nditawerenga zimenezo.

Funso limene labwera kambirimbiri ndi limodzi. Mu gawo 6 ndinati kuyambira 2006 mpaka 2016 sindinalembe kalikonse, ngakhale ndakatulo ya mizere inayi, ndipo ndinangodutsapo ngati ndikulumpha ngalande. Mwati ndifotokoze. Chabwino. Koma kuti mumve bwino tiyenera kubwerera kwathu ku Santhe, mu Febuluwale wa 2002.

Amene mwanditsatira kuyambira pachiyambi mukudziwa kuti tinabadwa asanu, kuti bambo anatisiya mu 1999, ndiponso kuti mzime wathu, mlongo wanga, anapita pa njala ija. Za iye ndinangolemba mzere umodzi mu gawo 4. Dzina lake simuliona pano, chifukwa chake muchimva kumapeto.

Amene munali ku Kasungu chaka chimenecho simusowa kukumbutsidwa. Mvula ya 2001 inagwa mopyola, minda inamira, zokolola zinachepa, ndipo pofika Novembala nkhokwe yathu inali pululu. Tinagulitsa mbuzi ziwiri pamtengo wa nkhuku, kenako nkhuku zomwezo, kenako wailesi ya malemu bambo, kenako malata anayi amene anasiya akuti adzafolere khitchini. Amayi ankalawira m'bandakucha kupita ku maesiteti a fodya kukagwira ganyu, malipiro ake kambale ka gaga. Pamsika ufa ankaugulitsa m'timapepala tating'onoting'ono timene anthu anatitcha walkman. Ife tinafika pokumba zitsa za nthochi, kuzisenda, kuziyanika, n'kusinja kuti tinamize mimba. Pamene a Bakili Muluzi ankalengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi ya njala, kwathu n'kuti titazolowera kale kumva mfuu ya maliro mbali ziwiri za mudzi tsiku limodzi.

Mzime wathu anali ndi zaka 6, Sitandade 1. Anali mwana wosakhazikika, tsiku lonse kuthamangitsa galimoto yake yamawaya, pakamwa akuliza injini. Anayamba ndi kutupa mapazi, kenako masaya. Tsitsi linafiira. Kenako anangoti zii pakhonde, ntchentche zikumutera osaziingitsa, galimoto ili gone pambali pake.

Usiku wina anapempha dowe. Sanalire mokuwa, mphamvu yake analibe. Ankangobwereza pansipansi, "Amayi, dowe. Amayi, dowe." M'munda mwathu chimanga n'kuti chikungoyamba ngayaye, chifukwa mbewu ina tinadya ndipo tinabzala mochedwa. Koma kumunsi kwa mudzi, cha kudambo, kunali munda wa bambo wina amene anabzala ndi mvula yoyamba. Masiku amenewo wogwidwa m'munda mwa mwini ankamenyedwa kosafuna kuona, ena ankawatema ndi zikwanje. Amayi anga, mayi wa Chigwirizano, munthu amene sankatilola kutola ngakhale bango logwa lokha mumtengo wa mwini, anadzuka pakati pa usiku, kumanga chitenje, n'kutsegula chitseko pang'onopang'ono. Ine ndinali gone pamphasa, maso otseka, koma tulo ndinalibe. Anabwera miyendo ili mame okhaokha. Anakoleza kamoto m'nyumba momwemo, n'kuotcha atatchinga ndi thupi lawo. Mwana uja anangodya mizere iwiri, basi, n'kugona chimanga chili m'manja. Patatha masiku anayi anamwalira, m'mawa nkhuku za oyandikana nawo zikutsika.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikutsekera kope.

Bokosi panalibe. Adzukulu anamukulunga m'mphasa. Iwonso anali anthu anjala, khasu linkawalemera, manda anakumba osaya. Azimayi m'siwa ankalira, koma kulira kwake kunali kwapansipansi ngati anthu akung'ung'udza nyimbo. Ine ndinakhala pakona, zaka 19, nditangolemba kumene Fomu 4. Ndinayang'ana mphasa ija n'kuona kuti kumapazi yaperewera. Zidendene zake zinali pamtunda, zaming'alu, ndipo pachala chachikulu panali chipsera cha pamene anapunthwa pachitsa akuthamangitsa galimoto ija. Amayi anga ankagubuduka pansi, azakhali atawagwira m'chiuno. Ndipo nthawi yomweyo, pakati pa zonsezo, m'mutu mwanga munabwera chiganizo. Chinabwera chathunthu, chosalala ngati mwala wa mumtsinje: mphasa inamukana kumapazi. Ndinachibwereza chamumtima kuti chisandithawe. Ndinayesa kuikapo "inamuperewera", ndinaona kuti "inamukana" ndiye akukoma, n'kubwezera. Mlongo wanga ali gone patsogolo panga, ine ndikusankha mawu.

Usiku umenewo ndinazemba kupita kuseri kwa nkhokwe ndi kope langa lakale la Biology limene linali ndi masamba otsala kumbuyo. Palafini tinalibe. Ndinalemba mumdima, osaona mizere. M'mawa ndinapeza mawu atakwerana okhaokha, koma ankawerengeka. Ndinalemba za mphasa, za chipsera, za mame a m'miyendo ya amayi.

Anthu amati luso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo mu ndemanga zanu ambiri mumandiuza choncho. Ine kwa zaka zambiri ndinkaliona ngati ufiti. Kwathu timakula tikumva kuti mfiti ndi imene imakondwa kukagwa maliro chifukwa yapeza nyama. Nanga ine amene ndinatuluka m'siwa nditanyamula kanthu kanga, ndinasiyana nayo pati? Funso limeneli ndinayenda nalo zaka 14 osauzako munthu, ngakhale bambo a ana anga. Ndipo ndikudziwa kuti pakati pa inu amene mumalemba alipo amene akulidziwa diso limeneli, diso losatsinzina, limene limakhala likutolera ngakhale pamene mtima wako ukusweka. Ukukangana ndi mwamuna wako, lili maso. Mwana wako ali pabedi kuchipatala, lili maso, likuona mmene dontho la diripi likugwera. Sulituma, ndipo sungalithamangitse.

Zaka zinayi zinapita. Za ganyu ya m'sitolo ya pa boma ndi za mmene ndinalowera ku koleji ya aphunzitsi ku Kasungu munawerenga kale mu gawo 5. Kumeneko mu 2006 mphunzitsi wathu wa Chichewa, mayi wodekha uja ndinamutchula, atachonga chimangirizo changa anandiitana n'kundifunsa ngati ndili ndi zina zimene ndinalemba. Ndinatulutsa kope la Biology. Kwa milungu itatu usiku uliwonse ndinkakonza nkhaniyo, anzanga ali mtulo. Mayina ndinasintha onse. Mudzi ndinausamutsira ku Mchinji. Ndinkaganiza kuti ndabisa. Ndinaikopera bwinobwino pamapepala, kuika mu envelopu, kumata sitampa, n'kutumiza ku nyuzipepala ina imene inali ndi tsamba la nkhani za Chichewa.

Kudikira kumene kunatsatira sindingakufunire munthu. Loweruka lililonse ndinkayenda wapansi kupita kudepoti ya mabasi kumene ankayala nyuzipepala, n'kupempha mnyamata wogulitsa kuti ndingosuzumira tsamba limodzi. Milungu inafika 11. Ndinali nditadziuza kale kuti ndine chitsiru, kuti anthu a ku Santhe salemba m'nyuzi. Loweruka la 12 ndinatsegula n'kuona dzina langa.

Pano ndinene zoona ngakhale zikundichititsa manyazi. Tsiku limenelo ndi limodzi mwa masiku amene ndinakondwa kwambiri pa moyo wanga wonse. Ndinagula nyuzi ziwiri ndi ndalama ya sopo. Pobwerera ndinkaima pamthunzi uliwonse kuwerenganso dzina langa, ndipo phiri la Kasungu tsiku limenelo ndinkaliona ngati ndingalikwere chothamanga. Nkhani inali ya imfa ya mlongo wanga, koma ine ndinkavina mumsewu. Amayi sanandibwerere m'maganizo ngakhale kamodzi.

Nditakhala pansi kuwerenga modekha m'pamene ndinaona kuti mkonzi wa tsambalo anaikapo dzanja. Mutu anasintha, zimenezo sindidandaula. Koma kumapeto anawonjezera ndime yake, yakuti nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti kuba n'koipa ngakhale pa njala, ndipo Mulungu amalanga. Bambo inu, dzina lanu sinditchula, kaya mulipo kaya munapita. Koma ngati mawuwa angakupezeni, dziwani kuti ndi ziganizo zitatu zimenezo munasandutsa amayi anga wakuba wolangidwa ndi imfa ya mwana wake, ndipo pansi pake munasiya dzina langa. Simunandifunse. Ndinakulemberani kalata kawiri, simunayankhe. Mlandu suola, ndi chifukwa chake ndaunena lero.

Kandalama kake kanabwera patatha miyezi. Ndinagulira amayi chitenje chobiriwira chamaluwa oyera.

Chimene sindinaganize n'chakuti nyuzipepala ili ndi miyendo. Msuweni wanga uja, amene mu gawo 5 anandilanda malo m'sitolo, anaipeza n'kupita nayo pamsika pa Santhe, pamene abambo amasewera bawo. Anaiwerenga mokweza, kuyambira pamutu mpaka pandime ya mkonzi. Ku Mchinji kwanga kuja sikunabise kanthu. Galimoto yamawaya anaidziwa. Chipsera cha pachala anachidziwa. Munda wa kudambo wobzalidwa ndi mvula yoyamba unalipo umodzi wokha. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika pamjigo.

Atsibweni ananditumizira uthenga kuti ndibwere msanga. Ndinafika Loweruka masana, chitenje chili m'chikwama. Anandikhazika pamphasa pansi pa mtengo wa mango, iwo pampando, azakhali pambali, amayi chapatali pakhonde akuswa mtedza m'lichero.

"Iwe, anakupatsa zingati?"

Sindinamve funsolo.

"Ndati mlongo wako unamugulitsa zingati? Maliro timalira, mwana iwe, sitipita nawo kumsika. Mayi ako anakuyamwitsa, lero wawavula pagulu."

Ine ndi nzeru zanga za ku koleji ndinati, "Atsibweni, mayina ndinasintha. Ndimafuna dziko lidziwe zimene tinaona kuno."

"Dziko? Tikufa kuno dzikolo linali kuti? Mawa mayi ako akatunga madzi kudziko kapena pamjigo apa?"

Ndinalibe yankho, ndipo mpaka lero yankho lokwanira ndilibe. Anayankhula nthawi yaitali. Azakhali nawo anathirapo zawo. Amayi sanatukule mutu, mtedza uli thethethe m'lichero. Atsibweni atatopa anati, "Mlongo, uli ndi mawu?" Amayi anasiya kuswa. Anandiyang'ana, osakwiya, osalira, n'kufunsa chinthu chimodzi chokha.

"Kani unali maso?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ine ndimayesa unali mtulo."

Anatola lichero n'kulowa m'nyumba. Zonse zimene atsibweni ananena ndikanatha kuzisenza. Koma mawu awa a amayi anandithyola msana. Zaka zinayi ankadzitonthoza kuti chimene anachita usiku uja anaona ndi Mulungu yekha, kuti pamaso pa ana awo akadali mayi yemwe uja. Ine ndinawalanda zimenezo, ndipo anazimvera pamjigo.

Chitenje ndinachisiya pabedi pawo. Lachinayi lotsatira sanapite ku Chigwirizano. Palibe anawachotsa, atsogoleri anabwera kawiri kudzawapempha kuti abwerere. Iwo anachapa bulauzi yoyera ndi duku lake, kusita ndi simbi yamakala, kupinda, n'kuika pansi penipeni pa sutikesi. Ine nditabwerera ku koleji ndinatenga makope anga onse a ndakatulo, analipo asanu ndi limodzi, n'kukawaponya pamoto wa kukhitchini. La Biology lokha ndi nyuzi imodzi dzanja linakana.

Ndinayamba ntchito, ndinakwatiwa mu 2008, mwana woyamba 2009, wachiwiri 2012, anatisamutsa sukulu kawiri. Zaka zimenezo ndingazinene mumpweya umodzi chifukwa kunja kunalibe chachilendo. Ndi amayi tinkapatsana moni, ndinkawatumizira feteleza ndi sopo, ankabwera kudzaona adzukulu awo. Koma nkhani zathu zinkathera pa "mwadzuka bwanji" ndi "mvula ikugwa kumeneko?" Tikatsala awiri m'nyumba, wina ankapeza chochita panja.

M'kati ndiye munali nkhondo. Munthu ukasiya kulemba ziganizo sizisiya kubwera. Zinkandipeza ndikutsuka mbale, ndili pabolodi, ndili m'minibasi. Ndinkazithamangitsa poimba nyimbo ya m'buku mokweza mpaka zitachoka. Usiku zinkabwerera. Ndinkadzuka cha m'ma 2 koloko mtima ukugunda, pachifuwa ngati pakhala mwala wa mphero. Kuchipatala anandiyeza kangapo, sanapeze kanthu. Bambo a ana ankandifunsa, "Mayi, kodi mukuganiza chiyani?" Ine n'kumati palibe. Wailesi ikayamba ndakatulo ndinkaitseka. Ndinkanena kuti ikusokosa, koma zoona zake inali nsanje, nsanje yowawa ngati ndulu, kumva wina akuchita poyera chimene ine ndinadziletsa.

Choipa kwambiri ndinachichita kwa mwana wa mwini. Mu Sitandade 7 munali kamtsikana kena kolemba chimangirizo chimene ukawerenga tsitsi limaima. Kanalemba za agogo ake akusuta fodya wa chingambwe, mmene ankanyowetsera pepala ndi lilime. Ine m'malo mokayamikira ndinadzaza tsamba ndi cholembera chofiira, kusaka zilembo zolakwika, n'kulemba pansi kuti kasiye kulemba za m'nyumba mwawo. Kanandiyang'ana modabwa, ndipo kuyambira pamenepo kankalemba zouma ngati anzake onse. Ngati ukuwerenga pano, mwanawe, unali ndi luso loposa langa, ndipo ndinakulakwira. Ndikupepesa.

Ine ndinakulira m'boma lobadwira Kamuzu, nyumba yake ya Nguluyanawambe timaionera pamsewu. Ku koleji tinamva za nthawi imene olemba ankaopa bungwe lounika mabuku limene linabwera ndi lamulo la 1968, tinamva za Jack Mapanje amene anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ndinkawalemekeza ndipo ndimawalemekezabe. Koma pamene ine ndinkayamba kulemba zimenezo n'kuti zitapita, ufulu unalipo. Palibe anatiuzapo kuti ungatsekedwe pakamwa ndi anthu amene umawakonda, opanda unyolo, ndipo iwo ali ndi chifukwa chomveka. Wotsekeredwa ndi boma amadziwa kuti wolakwa ndi boma. Ine ndikafufuza wolakwa ndinkapeza ndine.

Pali achimwene ena amene munalemba pansi pa gawo 6 kuti wolemba alibe ngongole ndi munthu, alembe chilichonse, okwiya akwiye. Ndakumvani, koma sindikuvomerezani. Mwina simunaonepo mayi anu akupinda duku loyera. Enanso munati ndikanalemba m'Chingerezi bwenzi pabawo paja palibe anamva. N'zoona. Koma kumeneko ndi kuba kwenikweni, kutenga za anthu n'kukazigulitsa kumene eni ake sangazimve. Ndiponso mlongo wanga anapempha dowe m'Chichewa. Mawu amenewo m'chinenero china sindingawalembe. Ndikaunguza lero ndimaona kuti kulemba nkhani ija sikunali kulakwa. Ndinalakwa posawafunsa amayi, ndipo sindinawafunse chifukwa ndinkadziwa kuti akana, pamene ine dzina langa m'nyuzi ndinkalifuna.

Atsibweni anamwalira mu 2013 tisanakhalenso pansi. Pamaliro awo diso lija linali maso monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinadana nalo kuposa kale.

Mu 2016 njala inabweranso. Nthawi ino linali dzuwa, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo mu Epulo a Peter Mutharika analengeza za ngozi. Amayi n'kuti mawondo atayamba kuwavuta, ndiye tinawatenga kuti adzakhale nafe kunyumba ya sukulu cha ku Chamama. Mwana wanga woyamba anali ndi zaka 7. Madzulo ena anabwera ndi galimoto yamawaya imene anamupangira mnzake, akuliza injini pakamwa, kuzungulira nayo pabwalo. Ndinaona amayi atasiya kusankha nyemba, akumutsatira ndi maso mpaka anakhotera kuseri.

Usiku ana atagona, bambo awo ali ku maliro kwawo, tinatsala awiri ndi kanyali ka sola patebulo. Ndinayamba kudzuka kuti ndikapeze chochita. Amayi anati, "Khala pansi. Pepala lija ukadali nalo?"

Ndinati ndili nalo.

"Undiwerengere. Ine sindinalimvepo. Ndinangomva anthu akunena."

Amayi anga sadziwa kuwerenga. Ndinkadziwa zimenezo moyo wanga wonse, koma sindinaganizepo kuti zaka 10 zonsezi akhala akusenza nkhani imene sanaimve, imene inawafika m'zidutswa kuchokera pakamwa pa anthu a pamjigo. Ndinakatenga nyuzi ija m'kati mwa kope la Biology, itachita chikasu, yothetheka m'mopinda. Ndinawerenga mawu akunjenjemera. Iwo anakhala chowongoka, manja pamiyendo, maso pakhoma. Nditafika pandime yomaliza ndinawauza kuti iyi si yanga, anawonjezera ndi munthu wa kunyuzi. Anati, "Werenga ndithu." Ndinawerenga. Anangoti, "Ameneyo sanagonepo ndi njala."

Kenako anati, "Pajapo wati zimanga zingati?"

"Zisanu, amayi."

"Zinali zitatu. Ndinawerenga pothyola. Ndinati china lero, china mawa, china mkuja, mwina pofika apo chathu chikhala chitayamba. Ndikanakhala wakuba ndikanadzaza chitenje."

Ndinakhala chete.

"Ndipo titakolola ndinapita kwa mwini munda ndi dengu la mtedza. Ndinamuuza zonse. Anakana kulandira. Anati mapazi anga anawaona m'mawa womwewo, anawatsatira mpaka pakhomo pathu, atamva mwana akubuula anabwerera. Zimenezo bwanji sunalembe?"

"Sindinkadziwa, amayi."

"Ukanandifunsa."

Apa misozi inali itayamba kale, koma anali asanamalize. Anati, "Ndiye za mphasa zija. Wati inamukana. Mphasa ija sinali yaifupi ayi, inali ya bambo ako. Ndinawapempha adzukulu kuti aipinde kawiri kumutu. Mwana uja sankagona popanda chotsamira."

Chiganizo chimene ndinachinyamula zaka 14, chimene ndinkachiyesa chokoma kuposa zonse zimene ndinalembapo, chimene ndinadzitcha nacho mfiti, chinali chabodza. Ndinaona mapazi, kumutu sindinaone. Ndinagwada pansi n'kuika mutu pamiyendo yawo ngati kamwana, ndipo m'pamene ndinawauza zonse, za pakona m'siwa, za kusankha mawu iwo akugubuduka, za kuseri kwa nkhokwe. Ndinati, "Amayi, ndine munthu wanji ine?"

Anandisisita m'mutu nthawi yaitali. Kenako anati, "Ukuganiza kuti ine pamene ndinkalira paja m'mutu munali mwana yekha? Ndinkaganizanso kuti anthu abwerawa ndiwapatsa chiyani, m'nyumba mulibe ngakhale mchere. Ndinkachita manyazi ndi mchere, mwana wanga ali gone. Mutu suima chifukwa kwagwa maliro. Wako unapita ku mawu, wanga ku mchere."

Usiku umenewo anandipatsa malamulo awiri, ndipo ndimawasunga mpaka lero. Loyamba, dzina la mzime wathu lisalembedwe paliponse. Anati, "Zina zonse tenga, dzinalo ndi langa." Lachiwiri, chilichonse chokhudza banja lathu ndiziwawerengera kaye anthu asanaone. Magawo onse asanu ndi atatu amene mwawerenga anayamba adutsa m'makutu mwawo. Ili ndawawerengera kawiri pafoni, pakuti anabwerera ku Santhe, ndipo pali ndime imodzi ya azakhali imene anati ichoke, yachoka. Za dowe anati zikhale, bola nambala ikhale yoona. Ku Chigwirizano anabwerera mu 2017. Chitenje chobiriwira chija ndinachiona chaka chatha atafunditsa mdzukulu wawo, koma sitinakambepo za icho.

Ndibwerere ku usiku uja. Nyali ya sola inali itayamba kuzilala. Ndinadzuka pamiyendo pawo, ndinakatenga cholembera changa chofiira chochongera, n'kuyala nyuzi ija patebulo. Ndinadula "zisanu" n'kulemba pamwamba pake "zitatu". Ndime ya mkonzi ndinaikhwatcha yonse. Pa mphasa dzanja linaima, chifukwa m'mphepete mwa pepala munalibe malo okwana zimene anandiuza. Ndinatsegula kope la Biology, kumbuyo kunali kutatsala masamba awiri oyera, ndipo ndinalemba mmenemo, koyamba m'zaka 10, iwo akunena ine ndikulemba, za dengu la mtedza, za mapazi a m'mame, za mphasa yopinda kawiri.

Nditamaliza anati, "Werenganso kuyambira pamene ndikutsegula chitseko."

Ndinasendeza nyali pafupi n'kuyambanso.